Funsani za Kompyuta: Ndikufuna masamba anga onse azitseguka okha ndikangoyatsa browser

Mwezi uno makalata ambiri afika pa nkhani imodzi, ya tsamba lija limayamba kutuluka mukangotsegula browser (pulogalamu yolowera pa intaneti ngati Chrome, Firefox kapena Edge), lomwe pa ma menu amalitchula kuti home page. Ena akufuna akhale anayi, ena anaika oposa khumi nde pano akulira ndi bandulo, ena likumatseguka lomwe sanaike n'komwe. Ndawaika pamodzi poti mayankho ake akukumana pena ndi pena. Mawu a pa ma menu ndawasiya m'Chingerezi mmene amaonekera pa sikirini kuti mukamasaka musasokere.

FUNSO: Zikomo akulu a za kompyuta. Ine ndimagwira za maakaunti pa kakampani kena ku Limbe, nde m'mawa uliwonse ndikafika ndimatsegula Gmail, kenako Msonkho Online ya MRA ija, kenako tsamba la Reserve Bank kuona kuti dola ndi randi zili pa bwanji, kenako WhatsApp Web poti ma kasitomala amatumiza ma invoice kumeneko, zonsezi kumachita kutayipa chimodzi chimodzi tsiku ndi tsiku mpaka nthawi zina ndimaiwala china bwana n'kudzafunsa ndisanaone. Mnzanga anandiuza kuti zimatheka zonse kumabwera zokha koma iyenso sakudziwa podina pake. Ndimagwiritsa ntchito Chrome pa kompyuta ya pa desiki. Thandizeni chonde.
Mayi wa ku Limbe

YANKHO: Mayi, mnzanuyo ananena zoona, ndipo si ntchito yofika mphindi zisanu n'komwe. Tsegulani kaye masamba anu anayiwo mmene mumachitira m'mawa muja, lililonse pa tab yake (ma tab ndi timitu ta masamba tija timandandalika m'mwamba mwa browser), muwasanje mmene mukufuna azibwerera, tab imakokeka ndi mausi mukaigwira pamutu pake n'kuisunthira kumanzere kaya kumanja. China chilichonse chomwe chatseguka koma simukuchifuna mawa, tsekani. Mukatero pitani pa timadontho titatu tili pakona ya kumanja m'mwamba, dinani, tsikani pa Settings, kumanzere kutuluka mndandanda, sakani polembedwa On startup. Ngati mwatopa ndi kusaka ingolembani chrome://settings/onStartup mmene mumalemba adilesi muja mudine Enter, mufika pompo.

Pamenepo pali zosankha zitatu. Choyamba chimangotsegula tsamba lopanda kanthu, chachiwiri ndi Continue where you left off chomwe ndichikamba kumapetoku chifukwa chili ndi nkhani yake, chachitatu ndi Open a specific page or set of pages, chanu ndi chimenechi. Mukachidina pansi pake patuluka mawu awiri, Add a new page ndi Use current pages. Dinani Use current pages, masamba anu anayi aja alowa pa mndandanda nthawi yomweyo, palibe Save yodina, zasungika kale. Tsekani Chrome yense, mutsegulenso, muona onse anayi akubwera motsogozana.

Koma pali kanthu kamodzi komwe anthu ambiri amaphonya, nde patapita masiku awiri amandilembera kuti sizikugwira. Chrome imajambula adilesi yeniyeni yomwe munali nthawi imene mumadina ija. Ngati munali mkati mwenimweni mwa tsamba la msonkho, mwina pa fomu ina yake, kapena mu Gmail munatsegula kalata ya kasitomala wina, adilesi yomwe yasungidwa ndi yaitali ija ya zilembo ndi manambala osamveka, nde mawa m'mawa ikupititsani ku kalata ya dzulo yomweyo kapena ikuuzani kuti session yatha. Choncho mukamaliza yang'anani mndandanda uja bwinobwino. Pambali pa tsamba lililonse pali timadontho titatu tina, mukadina pali Edit ndi Remove. Sungani adilesi ya pakhomo, ija yaifupi yomwe mumalowetsera dzina ndi pasiwedi, osati ya kuchipinda. Ndipo musadabwe tsamba la msonkho kapena la banki likamakufunsanibe pasiwedi m'mawa uliwonse, limayenera kutero, kutsegula chitseko cha panja ndi ntchito ya browser koma kiyi ndi wanu. Pa kompyuta ya ku ofesi yomwe ena amakhalaponso inu mukapita ku nkhomaliro, Chrome ikafunsa kuti isunge pasiwedi ya zinthu za ndalama, kanani.

Chinanso, poti ndikudziwa kuti mudzafunsa. Masamba amenewa amabwera pokhapokha Chrome ikuyamba kumene. Ikakhala kuti ndi yotsegula kale inu n'kutsegula windo ina, simuwaona. Komanso kabatani kooneka ngati kanyumba kaja, komwe mumakayatsa ku Settings, Appearance, Show home button, n'kosiyana ndi zimenezi, mu Chrome kanyumbako kamalandira adilesi imodzi yokha basi. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, amaika masamba anayi ku On startup kenako n'kumadina kanyumba kudikira anayi.

FUNSO: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina kuno ku Dedza. Pa laputopu yanga pali Firefox, mwana wa mchemwali wanga ndi amene anaikamo. Ndinapita ku Settings kenako Home ndipo ndinapeza kabokosi kamodzi kokha kolembamo adilesi, ndinayesa kulemba atatu kulekanitsa ndi chizindikiro cha koma (,) koma zinakana, ndinayesanso kusiya mpata zinakananso. Kodi Firefox imalola tsamba limodzi lokha eti?
Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, munafika pakhomo penipeni, chinangosowa ndi chizindikiro chimodzi. Firefox siilekanitsa ma adilesi ndi chizindikiro cha koma kapena mpata, imafuna kamzere koimirira aka: |

Ku Settings, Home, pomwe palembedwa Homepage and new windows sankhani Custom URLs, nde m'kabokosi kamodzi komweko mulembe chonchi, osasiya mpata:

mail.google.com|www.maneb.edu.mw|ny.wikipedia.org

Apo ndiye kuti imelo yanu, tsamba la MANEB ndi Wikipedia ya Chichewa zizitseguka pamodzi, lililonse pa tab yake. Vuto limakhala kukapeza kamzereko pa kiyibodi, ndaonapo munthu akuyang'ana batani lililonse ngati wataya singano. Pa kiyibodi ya chi America kali pamwamba pa Enter, pa batani lomwe lili ndi kamzere kopendekera kumbuyo, mumagwira Shift n'kudina pamenepo. Ma laputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito omwe timagula kuno ndi ochokera ku UK, mumawadziwira chizindikiro cha £ pa batani la 3, pa amenewo kamzereko kali kumanzere kwa Z, pafupi ndi Shift. Zikakana ndithu, mwina chifukwa Windows yanu inaikidwa kiyibodi yosiyana ndi zomwe zalembedwa pa mabatani, musavutike nazo, tsegulani masamba atatuwo pa ma tab, mubwerere pa kabokosi kaja, pansi pake pali batani la Use Current Pages, Firefox ilemba yokha ndi timizere take tomwe.

Ine pa nkhani iyi yokha ndimaikonda Firefox kuposa Chrome, chifukwa kuno kanyumba kaja kamagwiradi ntchito, mukakadina masamba onse atatu amabwera, kapena mugwire Alt n'kudina batani la Home. Koma dziwaninso kuti windo iliyonse yatsopano izibwera nawo onse atatu, zomwe ena zimawatopetsa. Mukaona kuti mwachita zonsezi koma mukatsegula kukubwerabe masamba a dzulo, pitani ku General, pansi pa Startup, pali kabokosi ka Open previous windows and tabs, chotsani chizindikiro chili mmenemo. Kakakhala kochongedwa kamapambana home page.

FUNSO: Akulu ine zanditembenukira. Ndinaona kwa mnzanga za masamba otseguka okhazi nde ndinaika anga, Facebook, YouTube, Gmail, portal ya kusukulu, a nyuzi atatu, a mpira awiri, TikTok, wina wa ma scholarship ndi wina wa ntchito, onse pamodzi 12. Pano ndikangotsegula Chrome laputopu imangoti zii, mausi osayenda, kafani kumalira ngati chigayo, komanso bandulo yomwe inkandikwanira sabata ikutha Lachitatu. Laputopu ndi ya 4GB RAM ndimalumikiza pa hotspot ya foni. Kodi ndi vayirasi?
Wophunzira, Zomba

YANKHO: Achimwene, si vayirasi, ndi masamba 12 anuwo. Ndipo kalata yanu ndi yomwe ndimafuna aliyense amene wawerenga mayankho awiri apamwambawa aiwerengenso asanathamangire kukadzaza mndandanda.

Taganizirani zimene zimachitika mukadina Chrome. Tsamba lililonse mwa khumi ndi awiriwo limayamba kukoka zake pa intaneti nthawi imodzi, zithunzi, zotsatsa malonda, timavidiyo tija timayamba tokha, ndipo zonsezo zikudutsa pa kafoni kamodzi kali pa windo kusaka netiweki. Zili ngati wa kabaza mwamukweza anthu asanu ndi thumba la chimanga n'kumuuza akwere chitunda. Tsamba lomwe mumalifunadi, tinene portal ya kusukulu poti mukufuna kuona zotsatira, likudikira pa mzere limodzi ndi TikTok yomwe simunafune kuiona m'mawawo. Ndipo data yomwe yapita pa masamba omwe simunawayang'ane n'komwe yapita basi, siibwerera. Mukatsegula Chrome kanayi pa tsiku ndiye kuti mwalipira kanayi. Ena mwa masambawo, makamaka a mpira ndi a nyuzi, sakhala chete akamaliza kutseguka, amangodzitsitsimula okha kuseri kuno inu mukulemba assignment. Kumbali ya RAM nakonso, memory ija yomwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira nthawi imeneyo, pa 4GB yanuyo Windows yatengapo kale gawo lalikulu musanatsegule chilichonse, chotsalacho ndi chomwe ma tab 12 akulimbirana.

Musangokhulupirira ine, dzionereni nokha. Chrome ili yotsegula gwirani Shift mudine Esc, patuluka kawindo kosonyeza tab iliyonse ndi memory yomwe ikudya komanso netiweki yomwe ikukoka. Dinani pamutu pa mzere wa memory kuti akudya kwambiri akwere pamwamba. Muwadziwa pompo adani anu.

Chochita ndi ichi. Ku On startup siyaniko awiri, mukachulutsa atatu, okhawo omwe mumawafunadi nthawi iliyonse mukatsegula, kwa inu ndikuona ngati ndi portal ndi Gmail. Funso lodzifunsa pa tsamba lililonse ndi lakuti, kodi ndikatsegula laputopu 5 koloko m'mawa kuti ndiwerenge, ili ndilifuna? Likakhala la nthawi yopuma, lichoke. Koma sikuti enawo mwawataya, pali njira ina yomwe ine ndimaiona yabwino kuposa home page yomwe. Tsegulani a mpira ndi a nyuzi aja okhaokha, mugwire Ctrl ndi Shift mudine D. Chrome ikufunsani dzina la foda, lembani kaya Nkhani kaya Madzulo, muisunge pa Bookmarks bar. Chitaninso chimodzimodzi ndi a ntchito ndi ma scholarship, foda yake mutche Ntchito. Tsopano tsiku lomwe mwagula bandulo yonona kapena muli pa Wi-Fi ya kusukulu, dinani foda ija ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Open all, onse atseguka kamodzi. Kusiyana kwake n'koti apa mwasankha ndinu nthawi yake, osati kuti azikutsegukirani ngakhale mwangolowa kuti mutumize imelo imodzi. Ctrl, Shift ndi D imagwiranso mu Firefox ndi Edge.

Zina ziwiri zothandiza. Ku Settings, Performance, yatsani Memory Saver, imagoneka ma tab omwe mwatenga nthawi osawakhudza kuti RAM ipume, ngakhale siibweza data yomwe yapita potsegula. Ndipo poti muli pa hotspot, uzani Windows kuti intaneti imeneyi ndi yogula, pitani ku Settings ya Windows, Network & internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu muyatse Metered connection. Ikatero Windows imachepetsa zokoka zake za kuseri. Izi anthu ambiri a hotspot sazidziwa ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa ndalama ya bandulo kwa wophunzira ndi ndalama ya ndiwo.

FUNSO: Nanga pa foni zimatheka? Ine kompyuta ndilibe.
Wowerenga wa ku Nkhotakota

YANKHO: Mmene zimakhalira pa kompyuta ayi. Chrome ya pa Android ili ndi Homepage ku Settings koma imalandira tsamba limodzi. Komabe pa foni simukuluza kanthu, chifukwa ma tab anu amakhalabe pomwepo ngakhale mutseke browser. Ngati pali masamba omwe mumapitako daily, tsegulani lililonse, dinani timadontho titatu, sankhani Add to Home screen, lizikhala pa sikirini ngati app. Pa Opera Mini pali timabokosi ta Speed Dial tija, dinani chizindikiro cha + muonjezere anu, ndipo tomwe munatipeza kale koma simutifuna mutha kutichotsa potigwira kanthawi.

FUNSO: Bwana ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kutayipa pa boma pano, makompyuta awiri. Imodzi yayamba zachilendo, ndikatsegula Chrome kukumatseguka tsamba la kubetcha ndi lina losakira zinthu lomwe si Google, nthawi zina zithunzi zochititsa manyazi pamaso pa ma kasitomala, tsiku lina panali amayi ena achikulire amadzasindikiza pulogalamu ya maliro ndinasowa poyang'ana. Ndinapita ku On startup ndinachotsa koma mawa lake zinabwereranso. Sindinaike ine zimenezi. Nditani?
Bambo wa ku Mchinji

YANKHO: Pepani bambo, zimenezi zimachotsa ulemu pa bizinesi ndipo ndamva mmene zinakukhudzirani. Apa ndiye pali kanthu kanalowa m'kompyutamo. Kawirikawiri timapulogalamu totere timabwera titabisala mkati mwa pulogalamu ina yaulere, kaya yosinthira PDF, kaya yokopera mavidiyo, kaya ija yobwera pa flash ya mnzanu yoti yathyoledwa kale simulipira, nde poika paja munthu umangodina Next, Next, Next osawerenga, pamene pa tsamba lina panali kabokosi kochongedwa kale kopempha kusintha home page ndi posakira. Pa shopu ngati yanu pomwe ma flash a anthu amalowa tsiku lonse komanso mwina mnyamata wothandiza amaikamo zake inu mukachoka, n'zosadabwitsa. Chifukwa chomwe zikubwereranso n'choti inu mukudula masamba koma muzu uli pansi. Tiyeni tiyambire ku muzu, ndipo mutsate ndondomeko yake osadumpha.

Yambani ndi Windows, osati Chrome. Pitani ku Settings, Apps, pa mndandanda wa mapulogalamu musanje potengera tsiku lomwe anaikidwa. Yang'anani omwe analowa masiku omwe vutoli linayamba. Dzina lomwe simukulidziwa, makamaka lokhala ndi mawu ngati search, toolbar, deals, kapena lolonjeza kuthamangitsa kompyuta, lichotseni. Mukakayika lembani dzinalo mu Google pa foni yanu muone ena akuti chiyani musanachotse, kuopa kuchotsa driver ya printa yomwe mumadyera.

Kenako mu Chrome lembani chrome://extensions mudine Enter. Apo patuluka timapulogalamu toonjezera mu Chrome, kalikonse komwe simunaike dala, Remove. Mukatero ndiye mubwerere ku On startup kukachotsa masamba aja, mupitenso ku Search engine mubwezeretse Google kapena yomwe mumafuna.

Tsopano malo omwe anthu ambiri, ngakhale okonza makompyuta ena, amaiwala. Kachithunzi ka Chrome komwe mumadina pa desktop kaja, dinani ndi batani la kumanja, Properties, muone bokosi la Target. Mawu a mmenemo amayenera kuthera pa chrome.exe ndi chizindikiro chotsekera mawu. Mukapeza kuti kutsogolo kwake kwaonjezeredwa adilesi ya tsamba, imeneyo ndi yomwe ikutsegula za kubetchazo, ndipo ngakhale mukonze Settings kakhumi sizingasiye chifukwa lamulo likuchokera pa kachithunziko. Fufutani adilesiyo, siyani zinazo mmene zilili, dinani OK. Ka pa taskbar pansi paja kachotseni mukaikenso katsopano. Ndinakumanapo nazo pa kompyuta ya m'bale wanga wina, tinakonza zonse madzulo onse mpaka mdima, kutsegula Chrome tsamba lija n'kutulukanso, mpaka titakokera bokosi la Target kumapeto kwake n'kupeza kaadilesi katabisala kuseri komwe maso safika poti bokosilo ndi lalifupi. Choncho dinani m'bokosimo mudine batani la End kuti muone mathero ake enieni.

Zithunzi zomwe zimatulukira pakona ya pansi kumanja ngakhale simunatsegule tsamba lililonse, zimenezo nthawi zambiri ndi ma notification, wina anadina Allow pa tsamba lina lake. Pitani ku Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications, muchotse onse osadziwika pa mndandanda wa ololedwa. Pomaliza ku Reset settings sankhani Restore settings to their original defaults, musaope, ma bookmark ndi ma pasiwedi osungidwa sachoka, kenako Windows Security ichite Full scan, isiyeni usiku ngati magetsi alipo.

Mukaona pansi pa menu ya Chrome palembedwa Managed by your organization pamene kompyutayo ndi yanu, si ya kampani kapena sukulu, ndipo pa On startup pakukana kusinthika, ndiye kuti chinthucho chinalowa mozama, apa itanani wodziwa adzachotse, ndipo kufikira atabwera musalowe mu banki kapena mu imelo pa kompyuta imeneyo. Ikakonzeka, mnyamata wanu ndi ma kasitomala muwapangire akaunti ya Windows yopanda mphamvu ya administrator, kuti pasapezeke woika pulogalamu popanda pasiwedi yanu.

FUNSO: Ndisanapume pa ntchito, ku ofesi tinkagwiritsa ntchito Internet Explorer ndipo ndikukumbuka bwino kuti ku Internet Options kunali bokosi lomwe tinkalembamo ma adilesi motsikira pansi, uliwonse pa mzere wake. Ana andigulira laputopu yatsopano koma chilembo cha e cha buluu chija sindikuchipeza, akuti ndigwiritse ntchito Edge. Bokosi lija lili kuti?
Bambo wopuma pa ntchito, Mzuzu

YANKHO: Bambo, mukukumbuka molondola ndithu. Bokosi limenelo linabwera ndi Internet Explorer 7 mu 2006, nthawi yomwe browser imeneyo inayamba kukhala ndi ma tab, ndipo kunena zoona njira ija inali yomveka bwino kuposa zambiri za lero, adilesi pa mzere, Enter, adilesi ina. Koma Microsoft inasiya kuisamalira Internet Explorer pa 15 June 2022, ndipo ana anu sanalakwitse, Edge ndi yomwe inalowa m'malo mwake.

Mu Edge dinani timadontho titatu pakona ya kumanja, Settings, kumanzere sakani chigawo choyamba ndi mawu oti Start, home. Mmenemo muli pomwe mumasankha zoti zizitseguka Edge ikamayamba, sankhani chotsegula masamba omwe mwatchula nokha, kenako muonjezere limodzi limodzi kapena mudine batani lotenga ma tab onse omwe ali otsegula. Mawu enieni a pa mabataniwa a Microsoft amawasinthasintha, nde mukasokera lembani start m'kabokosi kosakira ka mu Settings momwemo, kakulozerani. Kuyambira 2020 Edge inamangidwa pa maziko amodzi ndi Chrome, otchedwa Chromium, choncho zonse ndawauza mayi a ku Limbe pamwambapa, za adilesi ya pakhomo ndi za kanyumba, zikukhudzaninso inu. Omwe ali ndi Brave kapena Opera ya pa kompyuta nawonso apeza On startup yofanana.

FUNSO: Ife kompyuta ndi imodzi pa ofesi ya mpingo, timagwiritsa ntchito anthu atatu, ine mlembi, msungichuma ndi abusa. Magetsi akazima mwadzidzidzi ma tab anga onse amapita nde wina anandiuza ndiike Continue where you left off. Zinathandiza koma tsiku lina msungichuma anatsegula n'kupeza imelo yanga ili yotsegula pa kalata ya nkhani za kubanja kwanga. Sanalakwe iwo koma zinandiwawa. Ndibwerere ku zakale?
Mlembi wa mpingo, Ntcheu

YANKHO: Alembi, pepani kwambiri, nkhani za kubanja si zoti mnzako wa pa ntchito azikumana nazo mosayembekezera ngakhale akhale munthu wabwino bwanji. Continue where you left off imachita zomwe dzina lake likunena, imabweza zonse mmene munazisiyira, ndipo sibweza masamba okha, imasunganso kulowa kwanu, kotero kuti tsamba lomwe likanakutulutsani mutatseka browser limakhalabe lotsegula kwa aliyense wobwera pambuyo. Pa laputopu ya munthu mmodzi ndi yabwino zedi. Pa kompyuta ya anthu atatu pa Chrome imodzi, ichotseni lero.

Za magetsizo musadandaule, simufunika chimenechi kuti mupulumutse ma tab. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, mukayatsanso Chrome imatulutsa kabokosi kofunsa Restore, dinani pamenepo. Kakapanda kutuluka kapena mwakatseka mwangozi, gwirani Ctrl ndi Shift mudine T, zomwe zinatsekedwa zibwerera, kapena pitani ku History muzipeza pamwamba penipeni.

Koma chomwe chingathetse nkhani yonse ndi choti aliyense akhale ndi profile yake. Pakona ya kumanja m'mwamba, pafupi ndi timadontho titatu, pali kachithunzi kozungulira ka munthu. Dinani, sankhani Add, mupange atatu, wina Mlembi, wina Msungichuma, wina Abusa, aliyense ndi mtundu wake kuti musasokoneze. Profile iliyonse imakhala ndi On startup yake, ma bookmark ake ndi imelo yake, nde msungichuma akatsegula yawo azipeza tsamba la banki ndi la maakaunti, abusa azipeza Baibulo la pa intaneti ndi imelo yawo, inu zanu. Dziwani chabe kuti profile ya Chrome ilibe loko, munthu atha kudina ya mnzake n'kulowa, imangoteteza ku ngozi ngati inakuchitikiraniyi. Mukafuna loko weniweni aliyense akhale ndi akaunti yake ya Windows ya pasiwedi, ku Settings, Accounts, Other users, ndipo pochoka pa mpando muzigwira batani la Windows n'kudina L kuti sikirini itsekeke. Pakadali pano musanakonze zonsezi, madzulo ano musanatseke ofesi lowani mu Gmail, dinani kachithunzi kanu pakona, Sign out.